Moto wa mu Juni: Mbiri ya Cisanu m'Makomo a ku Chifunde

Mwezi wa Meyi ukamapita kumapeto, kuno ku Chifunde sitifuna kalendala kuti atiuze nyengo. Madzi a mumtsuko amayamba kuluma mano. Ana amazemba kusamba m'mawa, miyendo n'kutuwa ngati agona paphulusa. Agogo amakoka mphasa yawo kulondola dzuwa, m'mawa pakhonde, masana kuseri kwa khichini. M'minda mwatsala mapesi okhaokha, ndipo pakhomo pali mulu wa cimanga umene ukudikira kuti abambo amalize kuluka nkhokwe yatsopano. Ana a sukulu ayamba kuwerenga masiku ndi zala: pa 1 Juni ndi tsiku lawo, pa 25 de Junho ndi tsiku la ufulu, kenaka feriya ya pakati pa caka, ndipo Loweruka lomaliza la Ogasiti kuli Kulamba ku Mkaika. Abale athu a kutsidya kwa malire nawonso ali ndi masiku awo opuma m'nyengo yomweyi: ku Malawi pa 6 Julayi, ku Zambia Lolemba loyamba la Julayi ndi Laciwiri lake.

Mbiri imene timaphunzira kusukulu imakamba za mafumu, nkhondo ndi mapangano. M'nkhani ino ndifuna tikambe za zinthu zing'onozing'ono: mbatata yokwirira paphulusa, nsawa zokazinga m'phale, nthano za agogo, mbewa za pampani. Wina anganene kuti zimenezi si mbiri. Koma mukafuna kudziwa ngati dziko lino linali pa mtendere m'caka cakuticakuti, funsani munthu wamkulu funso limodzi: kodi mu Juni wa caka cimeneco munkaotha moto pabwalo usiku, osaopa kuti wina auona? Yankho lake lidzakuuzani zambiri za zaka 200 zapitazi.

Zimene timakwirira paphulusa

Tiyambe ndi cakudya. Mbatata imene mwana amaiponya dzanja ili ndi ilo kuti ipole sinali mbewu ya makolo athu oyamba. Inacokera ku America, pamodzi ndi cimanga, cinangwa, nsawa, tomato ndi fodya. Mbewu zimenezi zinawoloka nyanja pa zombo za Apwitikizi pambuyo pa caka ca 1500, ndipo zinalowa m'dziko muno pang'onopang'ono, kutsata njira za malonda. Apwitikizi anali atakhazikika ku Sena ndi ku Tete ca m'ma 1530, ndipo mau athu ena amasunga fungo la nthawi imeneyo: mbatata ndi batata, kacasu ndi cachaça, nsapato ndi sapato.

Cimanga cisanafale, nsima inali ya mapira ndi mawere, ndipo ndiwo zinali khobwe, nzama, therere, bowa ndi nyama ya kuthengo. Mcere ukasowa, amayi ankacheza cidulo ca phulusa. Mbewu zakalezo sizinatheretu. Mpaka lero nchembere yodziwa kuphika thobwa imakuuzani kuti cimera ca mawere ndico cimakometsa, ndipo nzama zowiritsa zikadali cakudya ca m'mawa wozizira.

Amene analandira mbewu zacilendozi ndi kuzisandutsa zathu ndi amayi. Iwo ndiwo anapeza kuti nsawa zosinja zimatendera nkhwani, kuti mphale yonyika masiku angapo imapatsa ufa woyera, kuti cinangwa cowuma cimasungika ngati makaka. Iwo ndiwonso amafutsa masamba a khobwe ndi a maungu mvula ikamatha, n'kuwakulunga m'zikwatu za masamba a msuku, kuti mu Julayi, pamene kuthengo kwauma, mphika usasowe ndiwo. Dera lathu lili ndi mbali ziwiri: kumtunda kwa kumalire, kozizira ndi kwa cimanga cambiri, ndi kumunsi kolowera ku Zambezi, kotentha. M'cisanu mbali ziwirizi zimapatsana. Akumunsi amabwera ndi malambe, bwemba ndi masau, n'kubwerera ndi cimanga ndi nsawa.

Nyengo ya maulendo

Cisanu cinali nyengo yoyenda. Mitsinje monga Luia ndi Kapoche imaphwa, udzu umagwa, ndipo m'midzi mumapezeka cakudya copatsa mlendo. Zaka 400 zapitazo kapena kuposerapo, Undi anacoka kwa Kalonga kufupi ndi nyanja ya Malawi n'kudzakhazikitsa likulu lake ku Mano, m'dera la Kapoche kuno ku Tete. Mafumu a pansi pake ankapita kukalamba atakolola, atanyamula minyanga, zikopa ndi zokolola, n'kukafotokoza mmene anthu awo akukhalira. Kulamba kumene timapitako lero pa malole ndi pa njinga zamoto kunayambira pa maulendo apansi amenewo.

Alendo a kutali nawonso ankadikira nyengo yomweyi. Francisco de Lacerda ananyamuka ku Tete mu Julayi 1798 pa ulendo wake wa kwa Kazembe, kumene anakafera. Monteiro ndi Gamitto ananyamuka mu Juni 1831, n'kudutsa m'maiko a Amaravi kumpoto kwa Zambezi. Buku la Gamitto, limene linasindikizidwa ku Lisboa mu 1854, lili ndi zambiri za minda, nyumba, mowa ndi kusula zitsulo kwa makolo athu. Analemba ngati mlendo wodutsa, ndipo zina sanazimvetse, koma zimene anaona zikusonyeza midzi ya anthu olima, osula makasu awo okha, okhala ndi cakudya cogulitsa kwa apaulendo.

Pakhomo pa makolo

Kodi cisanu cinkakhala cotani m'mudzi wotero? Zambiri tikuzidziwa cifukwa agogo athu anazipeza zikadalipo, ndipo zina tikuzicitabe.

Khasu linkapuma, koma manja ayi. Abambo ankadula nsungwi ndi mitengo, kuluka nkhokwe, madengu ndi malicero, kufolera denga ndi udzu umene amayi amweta. Mkamwini watsopano ankaonekera pa nchito zimenezi: apongozi sankanena kanthu, ankangoyang'ana ngati nkhokwe yaima cilili. Amayi ankazira pansi, kumata zipupa, kuumba miphika ndi mitsuko, kutonola cimanga ali m'magulu uku nkhani zikuyenda. Mtondo unkayamba kulira tambala woyamba atangolira, pakuti kusinja kumathamangitsa mphepo. Kunalibe mabulangete. Anthu ankafunda ciwondo ca khungwa la mtengo kapena cikopa, ndipo cikuni cacikulu cinkanyeka pang'onopang'ono m'nyumba usiku wonse. Nkhalamba zambiri zinali ndi mabala a mbaliwali m'miyendo cifukwa cogona pafupi ndi moto.

Ana ndiwo ankaikonda nyengoyi koposa. Akulu akamaliza kukolola, ana ankakunkha zotsalira m'minda n'kumanga timisasa ta mapesi kunja kwa mudzi. Amenewo ndiwo masanje. Kumeneko kunkakhala mfumu yake, amayi ake ndi abambo ake, ngakhale fisi wake wobera nsima. Mtsikana ankaphunzira kuvundula nsima m'kamphika kakang'ono, osaopa kukalipiridwa ikacita mitanda. Anyamata ankatenga makasu kukakumba mbewa, kutsata mauna, kufukiza utsi, n'kubwera madzulo ali mbuu ndi fumbi. Mbewa zowiritsa ndi mcere, zoumika pamoto n'kupanidwa pampani, zinali ndiwo zimene ngakhale atsibweni aulemu wawo sankakana, makamaka akapuku onona.

Madzulo, mbale zikatsukidwa, anyamata asanapite ku mphala ndi atsikana ku kuka, onse ankasonkhana pamoto wa agogo. Wina ankayamba ndi zilapi, ndipo wolephera ankaseketsa anzake. Kenaka agogo ankati, "Padangokhala," ana onse n'kuvomera, "Tili tonse." Nthano masana zinali zoletsedwa, ndipo akulu ankaopseza ana ndi zoopsa zosiyanasiyana, koma cifukwa ceniceni n'cakuti masana ndi a nchito. Mwana ankaphunzira pamoto pomwepo mfunda wake, dzina la mudzi umene mbumba yawo inacokera, ndi cifukwa cake sakwatirana ndi a nyumba yakutiyakuti.

Miyambo ikuluikulu inkadikiranso nyengo yokolola itatha, pakuti mwambo umafuna mowa ndipo mowa umafuna nkhokwe yodzaza. Anamkungwi ankalanga anamwali, mabanja ankaphika mowa wokumbukira amene anamwalira m'dzinja, ndipo Gule Wamkulu ankatuluka kudambwe, fumbi kobo pabwalo. Conco cisanu cinali malipiro a caka conse. Munthu walima kuyambira Novembala, wapalira ali ndi njala mu Januwale, tsopano wakhuta, ali pakati pa abale ake.

Pamene cisanu cinalandidwa

Nyengo imene inali yabwino kwa mlendo inalinso yabwino kwa mdani. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu Novembala 1835, ndipo patapita zaka, a Mpezeni anadzakhala m'dera limene lero ndi Chipata. Magulu awo ankhondo, ndiponso Acikunda osaka minyanga ndi akapolo, ankayenda kwambiri mvula ikatha, nkhokwe zili zodzaza. Midzi yambiri ya Acewa inathawira kumapiri kapena kudzichinga ndi malinga. Kwa zaka zambiri nkhokwe yooneka patali inali ngozi, ndipo anthu ankabisa cakudya m'mapanga.

Pa 11 Juni 1891, Britain ndi Portugal anasaina pangano logawana maiko ano. Malire a atsamunda anadula dziko la Undi patatu. Malume anatsala ku Moçambique, mphwake ku Northern Rhodesia, mlongo wake ku Nyasaland. Pambuyo pake panabwera msonkho. Wokhometsa msonkho nayenso ankadziwa kalendala ya mlimi: ankafika anthu atakolola. Asipayi ankalowa m'mudzi m'mamawa, ndipo wolephera kulipira ankakumana ndi mbalamatodya kwa shefi wa posito kapena kutengedwa ku cibalo, kukalima misewu ndi kunyamula katundu. Misewu inkakonzedwa m'nyengo youma, ndiye kuti miyezi imene bambo akanafolera nyumba yake ankaithera pa msewu wa boma. Malamulo a indigenato, amene ankalola zimenezi, anathetsedwa mu 1961.

Anthu anayankha ndi miyendo. Mabanja ambiri anawoloka malire usiku n'kukamanga kwa abale awo, ndipo ca m'ma 1935 Undi mwini anasamukira ku Northern Rhodesia. N'cifukwa cake lero likulu la Kalonga Gawa Undi lili ku Katete, ngakhale kuti Mano ali kuno. Amuna ena anatsika kumwera, kukagwira nchito m'mapulazi a fodya ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia, ena wapansi, ena pa malole a Ulere amene boma la kumeneko linkatumiza kudzatenga anchito. Ambiri ankanyamuka atangolowetsa cimanga m'nkhokwe. Pamoto pankatsala amayi, ana ndi nkhalamba.

Koma maulendo omwewo ndiwo anabweretsa zokoma zina zimene lero timaziona ngati zakalekale. Wobwera ku Walale, monga akulu ankachulira Salisbury, ankafika ndi sutukesi, jasi lalitali, gombeza lolemera, ketulo ndi makapu, mwina njinga kapena galamafoni. Tiyi wa shuga wambiri, womwera mbatata m'mawa wa Juni, analowa m'midzi yathu kudzera m'njira imeneyo. Bulangete loyamba m'banja linali cuma: linkafundidwa ndi ana anayi, ndipo mwini wake akamwalira linkakambidwa pogawa katundu. Analiponso amene sanabwerere, machona, amene amayi awo ankawachula maina caka ndi caka pothira nsembe.

Moto wobisa

Mu 1968 FRELIMO inatsegula nkhondo m'cigawo ca Tete, ndipo asilikali ake ankalowera m'madera a kumalire ndi Zambia, kuno kwathu. Boma la Apwitikizi, limene linayamba kumanga damu la Cahora Bassa mu 1969, linasonkhanitsa anthu m'midzi yochingidwa yochedwa aldeamento, kuti asapereke cakudya kwa omenyera ufulu. Mu aldeamento nyumba zinali m'mizere, minda inali kutali, ndipo munthu ankatuluka ndi kulowa pa nthawi yoikidwa. Amene anakana anathawira ku Zambia kapena kukakhala m'nkhalango. Kumeneko utsi masana unkaitana ndege, ndipo kuwala kwa moto usiku kunkaitana asilikali. Amayi anaphunzira kuphika pa moto waung'ono wa nkhuni zouma kwambiri, pansi pa mitengo yowirira. Ena anapha atambala awo kuti asalire. Mwana wobadwa m'zaka zimenezo anakula akuuzidwa kuti akhale cete pa nthawi imene makolo ake ankaimba nyimbo za m'nthano.

Ufulu unabwera pakati pa cisanu, pa 25 Juni 1975. Caka cimeneco muuni wa umodzi, Chama da Unidade, unayenda kucokera ku Cabo Delgado mpaka ku likulu, kumene Samora Machel analengeza ufulu pa bwalo la Machava. Akulu amene analipo m'midzi yathu amakumbukira ng'oma za usiku wonse ndi moto waukulu umene sunabisidwe. Kucokera pamenepo cisanu cathu cinapeza tsiku la cikondwerero ca dziko lonse, ndipo pa 16 Juni 1980 metikali inalowa m'malo mwa escudo.

Zaka zoyamba za ufulu zinali ndi zovuta zake pakhomo. Boma latsopano linacotsa mphamvu kwa mafumu, n'kuona Gule Wamkulu ndi cinamwali ngati zinthu zobwezera anthu m'mbuyo. M'malo ambiri miyamboyi inkacitika mwakabisira. M'masitolo munayamba kusowa sopo, mcere ndi nsalu. Kenaka nkhondo ya pakati pa boma ndi RENAMO inafika kumpoto kwa Tete, ndipo pofika ca m'ma 1986 midzi yathunthu inali itasamuka. Ku Malawi kunathawira anthu oposa miliyoni imodzi a ku Moçambique. Ku Zambia ambiri anayamba akhala m'midzi ya m'malire, ndipo kuyambira mu 1987 anasamutsidwira ku Ukwimi m'boma la Petauke. Amene anatsala anabwerera ku cidulo ndi ku ciwondo ca makolo, ena n'kuvala masaka. Munthu ankayenda usiku wonse kudutsa m'thengo kuti akagule kapu imodzi ya mcere kutsidya.

Abale athu a ku Zambia ndi ku Malawi anatilandira, ndipo zimenezi tisaziiwale. Cilankhulo cinali cimodzi, mifunda inali yomweyo, ndipo ambiri anapatsidwa malo olima ndi mafumu a kumeneko. Komabe cisanu ca kothawira cinali cina. Ufa unali woyeza pa sikelo, wolandira ndi khadi. Panalibe nkhokwe yoluka. M'madera a Malawi mmene munadzaza anthu, nkhuni zinasowa, ndipo amayi ankayenda mitunda italiitali kapena kukangana ndi eni nkhalango. Moto unkayatsidwa kuti uphike, nsima ikapsa n'kuuzima. Popanda moto wootha, nthano zinacepa. Pali m'badwo wa anthu a ku Chifunde, amene lero ali ndi zaka 40 kapena kuposerapo pang'ono, umene sunasewere masanje m'minda ya makolo awo.

Kubwerera

Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, caka ca cilala coopsa m'maiko onse ano. Kuyambira 1993 mpaka 1995 anthu anabwerera, ena pa malole a mabungwe, ambiri wapansi, mitolo pamutu. Anapeza midzi itamera chire. Malo a nyumba ankawazindikira ndi mitengo ya mango ndi mafuwa atatu otsala paphulusa lakale. M'njira zina munali mabomba okwirira, ndipo panapita zaka mpaka mu 2015 pamene dziko linalengeza kuti minda yonse yodziwika ya mabomba yacotsedwa. Caka coyamba anthu anagona m'misasa. Nkhokwe yoyamba itaimanso pakhomo, ndi pamene ambiri anakhulupirira kuti nkhondo yathadi.

Miyambo inabwereranso poyera. Lamulo la mu 2000 linazindikiranso mafumu. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu ngati cuma ca anthu onse a pa dziko, m'dzina la maiko atatu: Malawi, Moçambique ndi Zambia. Kulamba, kumene kunayambiranso mu 1984, kunakula, ndipo mu 2007 apulezidenti atatu, Armando Guebuza, Levy Mwanawasa ndi Bingu wa Mutharika, anakhala pamodzi ku Mkaika. Cinyanja, cimene kale mwana ankalangidwa akacilankhula m'kalasi, cinayesedwa m'masukulu ena a ku Tete m'zaka za m'ma 1990, ndipo kuyambira mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'ndondomeko ya boma.

Fodya anasinthanso cisanu. Alimi ambiri a ku Chifunde, monga a ku Macanga ndi Angónia, anayamba kulima fodya wa pangano ndi kampani, ndipo ndalama zake zimafika m'miyezi yomweyi. Malata, njinga, wailesi, matiresi, kenaka sola ndi njinga yamoto, zambiri zinagulidwa pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Tsopano tsiku la ufulu likamayandikira, telala sagona, amayi amasankha kapulana yatsopano, mpunga ndi mafuta zimagulidwa, nkhuku imamangidwa mwendo. Ku Cassacatiza ndi ku Chanida, ndi m'tinjira tambiri topanda cipata, anthu amadutsa ndi metikali m'thumba lina, kwaca m'thumba lina, kupita kucigayo, kumsika wa kaunjika kukafuna majuzi a ana, kapena kukaona azakhali. Madzulo wailesi imagwira Tete, Chipata ndi Lilongwe mosasankha. Acinyamata amasonkhana pa foni imodzi kuonera mpira, koma akamva kuzizira amasendera pamoto womwe uja, ndipo mbatata ikadali paphulusa.

Nkhokwe ndi nkhuni

Tikayang'ana mbiri yonseyi, zokoma za cisanu zakhala zikutsamira pa zinthu zitatu: mtendere, nkhokwe ndi nkhuni. Mtendere tili nawo, ngakhale kuti mu 2015 ndi 2016 tinaona anzathu a ku Moatize akuthawiranso ku Kapise m'dziko la Malawi, zimene zinatikumbutsa kuti mtendere ndi wofunika kuusamala. Zinthu ziwiri zinazo zili m'manja mwathu, ndipo n'zimene zikundidetsa nkhawa.

Kale amene ankakhuthula nkhokwe mu Juni anali wankhondo kapena wamsonkho. Lero amabwera ndi sikelo ndi ndalama m'manja, ndipo timam'tsegulira tokha. Mu Juni cimanga cimachipa cifukwa aliyense ali naco. Mu Januwale lata lomwelo timaligula pa mtengo wokwera kwambiri, nthawi zina kwa munthu yemwe tinam'gulitsa. Palibe colakwa kugulitsa zotsala, pakuti sopo, makope ndi mankhwala zimafuna ndalama. Koma makolo ankayamba awerenga pakamwa pa anthu a pakhomo, n'kupatula mbewu, n'kupatulanso ca alendo ndi ca maliro, ndiyeno n'kuona cotsala. M'mabanja a Acewa nkhokwe inali m'manja mwa mayi, ndipo bambo sankaitsegula popanda mau ake. Cilala ca mu 2024, cimene cinapserezetsa minda kuno ku Tete, ku Zambia ndi ku Malawi, cinasonyeza kusiyana kwa khomo limene linasunga ndi limene linagulitsa zonse. Inu abambo, ndalama za fodya zikafika, thumba la feteleza ndi bulangete la mwana zikhale patsogolo, botolo pambuyo. Cikondwerero ca tsiku limodzi cisadye nsima ya mwezi wa Febuluwale.

Nkhuni nazo zikutalikira. Amayi amene kale ankatola kuseri kwa mudzi tsopano amanyamuka m'bandakuca. Zigafa za fodya zimafuna mitengo, uvuni wa njerwa umafuna mitengo, matumba a makala amene timaona m'mbali mwa msewu wa ku Tete ndi mitengo, ndipo mitengo ikuluikulu ya matabwa yakhala ikutuluka pa malole. Moto wolusa umene anyamata amayatsa posaka mbewa umapha timitengo tating'ono ndi udzu wofolera. Amene anakhala kothawira akudziwa mmene khomo lopanda nkhuni limakhalira, ndipo iwo ndiwo ayenera kuyamba kulankhula pabwalo la mfumu: nkhalango iti isadulidwe, mwezi uti woyenera kutentha, mitengo ingati imene mlimi aliyense wa fodya abzale.

Cotsiriza ndi ca ana. Agogo amene anaona aldeamento, amene anayenda usiku kupita ku Zambia kapena ku Malawi, amene anabwerera n'kupeza mafuwa awo m'chire, akadali nafe, koma akucepa caka ndi caka. Zimene akudziwa sizinalembedwe m'buku la sukulu. Sadzazikamba pa msonkhano kapena pamaso pa mlendo wa kope ndi colembera. Amazikamba pamoto, mimba itakhuta, mwana akafunsa. Feriya ino, inu a m'tauni ya Tete kapena a ku Chipata, tumizani ana kumudzi. Inu a kumudzi, asiyireni ana zokunkha m'munda kuti akamange masanje. Madzulo ikani cikuni cacikulu pamoto, foni ikhale pa sola, ndipo mwana mmodzi afunse kuti, "Agogo, caka cimene munabwerera cija, munagona pati usiku woyamba?" Mbatata isanapse, adzakhala atayamba kufotokoza.